Make Chibotolo

Inu amene mwatopa, amene mwayesa ichi ndi icho koma chilichonse chikungokupulumukani m'manja, khalani pansi ndikuuzeni za Wadiha wa m'mudzi mwathu muno, m'mapiri a Lebanoni. Sindikulonjezani nkhani yokoma. Ndi nkhani ya mzimayi ndi botolo lakuda, basi.

Tsiku limene Wadiha anafika pansi penipeni linali la Khirisimasi, masana, anthu atabwerako kutchalitchi. Mchimwene wake Nasif anali atakwera kuchokera kutauni pamodzi ndi mkazi wake Odette ndi ana. Patebulo panali nkhuku, mpunga, maolivi ndi buledi wotentha. Chimene chinatsala chinali vinyo.

Vinyoyo anali woyamba kupangidwa ndi Wadiha yekha chimwalirireni bambo awo, a Melhem. Anatsikira m'chipinda chapansi, n'kubwera ndi jagi yodzaza, akumwetulira. Anali asanalaweko. Pabanja pawo vinyo watsopano ankayamba kulawa ndi mwamuna wamkulu, ndipo iye ankafuna kuti zonse ziyende monga ankachitira bambo. Tsoka lake, chimfine chinali chitamutseka mphuno sabata yonse, moti sankamva fungo la kanthu.

Nasif anamwa, n'kuima kaye ngati munthu amene waluma mwala mumpunga. Kenako analavulira m'mbale.

"Chemwali, ameneyu ndi vinyo, kapena mwatipatsa wothira pa saladi?"

Ana anaseka. Odette sanaseke, anangoyankhula motsitsa mawu, koma motsitsa moti aliyense amve: "Ndinanena ine. Manja ena chilichonse chimene agwira chimasasa."

Mawu amenewa sanali achilendo kwa Wadiha. Anakwatiwa ali mtsikana, mwamuna n'kupita ku Brazil atalonjeza kuti adzamuitana akakhazikika. Anadikira kwa apongozi zaka zambirimbiri, wopanda mwana, mpaka zinamveka kuti mkuluyo ali ndi banja lina kumeneko. Apongozi anamulongedzera sutikesi. Anabwerera kwawo n'kupeza bambo ake akudwala, anawadwazika mpaka kuwatseka maso. Kwathu mkazi amaitanidwa ndi dzina la mwana wake wamwamuna woyamba: make Jirjis, make Butros. Wadiha anapitirira zaka makumi anayi akuitanidwabe dzina lake lokha, ngati kamtsikana kotumidwa kusitolo.

Chimene anali nacho chinali nyumba yamiyala ya bambo ake ndi kamunda ka mphesa kotsetsereka kuseri kwake. Koma nyumba ndi munda zinali za onse awiri, iye ndi Nasif, ndipo panali bwana wina womanga nyumba za alendo amene maso ake anali atagwera pamalopo.

Musamuone Nasif ngati munthu woipa. Anali munthu wotopa, wa ana asukulu ndi ntchito yosadalirika. Atatha kudya anamuitanira mlongo wake pakhonde.

"Wadiha, tisanamizane. Munda uwu ukungokudya mphamvu. Ndikupatsa chaka china chimodzi. Khirisimasi ikubwerayi vinyo akasasanso, tigulitsa munda ndi nyumba yomwe, iwe uzikakhala nafe kutauni. Odette akufuna womuthandiza ana."

Wadiha anamva bwinobwino zimene sizinanenedwe: matiresi pafupi ndi khitchini, mbale za eni ake, mpaka imfa.

"Ndamva, achimwene."

"Ndipo zibotolo za bambo uzisamale. Bango lija analuka okha, manja atayamba kale kunjenjemera. Palibenso china cha manja awo chimene anatisiyira."

Zibotolozo zinali ziwiri, zagalasi lobiriwira, zamimba yaikulu moti munthu sangaikumbatire manja n'kukumana, koma khosi lake lopapatiza lolowa zala ziwiri zokha. Chilichonse chinali chovekedwa bango lolukidwa kuyambira pansi mpaka m'khosi. Kwathu chibotolo chotere timati damijana, ndipo sichivulidwa. Chikavulidwa chimasweka. Aliyense amadziwa zimenezo, ngakhale amene sanachionepo chili chovula. M'zibotolo zimenezi ndi mmene a Melhem ankapangiramo vinyo amene iwo eni ankati amakanda pakhosi ngati mphaka, kenako n'kunyambita pamene wakanda.

M'mawa mwake alendo atapita, kunja kutayera ndi chipale chofewa, Wadiha anadzuka ndi mkwiyo. Anakhuthulira viniga yense uja m'zigubu. Anawiritsa madzi m'poto wamkulu, n'kunena mumtima kuti chilichonse chili m'menemo lero chifa. Ananyamula madziwo akubwadamuka, n'kuwathira m'chibotolo chimodzi, chimene chinagona usiku wonse m'chisanu.

Chinangoti thwa!

Madzi anayamba kutuluka m'mipata ya bango, n'kumuotcha zala za kumapazi. Wadiha anakhala pansi ponyowa pomwepo. Sanalire. Pali kutopa kwina kumene ngakhale misozi imachita ulesi kutuluka.

Anamupeza chomwecho ndi make Jirjis, mayi wachikulire wa nyumba yoyandikana nayo, amene lilime lake mudzi wonse umaliopa kuposa njoka. Anabwera kudzapempha machesi, koma kwenikweni anabwera kudzamva za vinyo wosasa.

"Mayo ine! Madzi owira m'galasi lozizira? Ngakhale mbuzi yanga sikanachita zimenezo. Anakuphunzitsa ndani, mwanawe?"

"Palibe."

"Zikuoneka. Dzuka apo, madzi akatayika saoleka. Tola magalasiwo usanadzicheke, ine ndilibe nthawi yothamangira nawe kuchipatala."

Wadiha anayamba kusolola zibenthu za galasi m'kati mwa bango. Chibenthu china chinali cha paphewa, pamene mimba ya botolo imapindikira kupita kukhosi. Atachitembenuza anaona kuti m'kati mwake mwamatirira nkhoko yakuda, yokhuthala, youma gwa. Anaipala ndi chikhadabo, chikhadabo n'kuthyoka. Anachiika pamphuno. Nthunzi ya madzi aja inali itamutsegula mphuno, ndipo fungo linamulasa mpaka m'mutu: viniga weniweni, wakalekale, wosakanikirana ndi chuku.

Apo m'pamene anakumbukira. Bambo ake atagwa ndi matenda, vinyo wawo womaliza anatsala m'zibotolomo theka, zaka zonse za kudwala kuja, wopanda womuyang'ana. Anasasa, n'kuumira m'mbali. Iye pofuna kuthiramo wake anatsukamo ndi sopo, n'kutsukuluza mpaka madzi anatuluka oyera, ndipo anakhulupirira madziwo. Sakanaona kanthu, bango linabisa zonse.

"Si manja anga," anatero.

"Wati chiyani?"

"Ndati si manja anga, amake Jirjis. Tanunkhizani ichi."

Mayiwo ananunkhiza, n'kukwinya nkhope yonse.

"Manja ako kaya si manja ako, chibotolo chimodzi wapha, chatsala chimodzi. Ndipo chinacho m'kati mwake muli zomwezi. Machesi aja ali kuti?"

Kuyambira tsiku limenelo moyo wa Wadiha unakhala wa kutsuka. Madzi owira anawaleka, anali ataphunzira. Ankafunditsa madzi pang'ono chabe, n'kusungunuliramo phulusa la m'chitofu, n'kuthira m'chibotolo chotsalacho kuti agonemo. Anamangirira kansanza kuwaya n'kulowetsa pakhosi, koma waya ankangofika pansi, paphewa osakhudza. Anathiramo mpunga wosaphika ndi makoko a mazira n'kukhutchumula mpaka msana kuwawa. Madzi ankatuluka oyera mbee. Koma tsopano madzi oyera sankamunamizanso. Ankatseka pakamwa pa botolo, n'kulisiya masiku angapo, n'kubwera kudzatsegula. Nthawi iliyonse fungo lija linkamulonjera ngati mlendo wosafuna kutsanzika.

Chisanu chinatha. Anadulira mphesa, analima m'mizere yekha, anamangirira nthambi. Viniga wa m'zigubu uja ankasinthanitsa ndi mazira ndi chambiko kwa azimayi oviika masamba m'viniga kuti asungike, ndipo aliyense wobwera kudzatenga sankalephera kusiyako mawu: "Viniga wako yekha ndiye ulibe mnzako, Wadiha." Iye ankangoyankha kuti zikomo. Masana kumunda, madzulo kuchipinda chapansi, kutsuka chinthu chimene sakuchiona.

Chimenechi ndicho chinkamufooketsa koposa. Ntchito yolemetsa munthu amaipirira akamaona pamene wafika. Koma kukhutchumula botolo miyezi ndi miyezi osadziwa ngati nkhoko yachepako kapena ikungokuseka, kumeneko kumadya mtima.

Dzuwa litatentha, mphesa zitayamba kuda, Wadiha anatsegulanso botolo lija m'mawa wina, fungo n'kukhala lomwe lija. Anakwera, n'kukatenga mpeni wa bambo ake wodulira mphesa. Anakokera chibotolo pakhonde. Make Jirjis, amene maso ake sagona, anali atafika kale pampanda.

"Iwe, mpeniwo ndi wa chiyani?"

"Ndikufuna kuchivula."

"Wapenga? Damijana savula! Ukachivula chisweka, chikapanda kusweka mchimwene wako akudya wamoyo. Bango limenelo analuka ndi malemu!"

"Ndikudziwa amene analuka, amake Jirjis. Ndinkawatolera ndine bango likagwa m'manja mwawo. Koma ndikapanda kuchivula, ndikatsuka mbale za Odette mpaka tsiku loikidwa m'manda."

"Ndiye ine sindinaone kanthu," anatero mayiwo, koma sanachoke pampandapo.

Wadiha anayambira m'khosi. Bango linali louma, linkaduka mosavuta, ndipo kusavutako n'kumene kunamupweteka. Ankazindikira mfundo iliyonse. Kumunsi kunali kolimba, kolukidwa bambo akadali ndi mphamvu m'zala. Chakumtunda kunali kolekera, mizere yokhota, pamene manja anayamba kuwakana. Atafika pamenepo anaima, misozi ija inachita ulesi m'chisanu n'kubwera yonse pamodzi. Analira ngati maliro achitika m'mawa womwewo. Atatha anapukuta m'maso ndi mkono, n'kupitiriza kudula.

Chibotolo chinatsala chovula, choterera, choopsa kuchigwira. Anachipendeka kuti dzuwa lilowe. Nkhoko inali pompo, yazungulira phewa lonse ngati lamba wakuda. Miyezi yonse ija ya phulusa ndi mpunga inali itangoikanda pang'ono m'mphepete.

Wina akanagwa mphwayi pamenepo. Wadiha anaseka, kuseka kwa munthu wotopa. Mdani wake anali wamkulu kuposa mmene ankaganizira, koma tsopano ankamuona.

Anatsikira kumtsinje ndi chidebe, n'kutola timiyala tosalala tonga nyemba, tosongoka n'kumataya kuti tisakande galasi. Anayala matiresi akale pakhonde. Anathira timiyala tija m'botolo ndi madzi ofunda a phulusa, n'kutseka pakamwa. Ndiye panali vuto ili: botolo likaima, timiyala timakhala pansi, pamene palibe nkhoko. Kuti tifike paphewa, ankayenera kukhala pamatiresi atatambalala, kuligoneka botolo pamiyendo mutu utapendekera pansi, kulikumbatira ndi manja onse awiri, n'kumaligwedeza uku ndi uku. Timiyala tinkangoti waa, waa. Akatopa ankalitembenuza pang'ono, n'kuyambanso.

Khonde la nyumbayo limayang'ana kumsewu wopita kutchalitchi. Simungabise kanthu pamenepo. Sipanathe masiku, azibambo okhalira khofi ndi makadi pasitolo anali atapeza chokamba.

"Mwamva? Wadiha wachira. Mwana wonenepa bwanji!"

"Wafanana ndi ndani?"

"Ndi agogo ake, mimba yomweyo. Tizimuti make Chibotolo tsopano."

Dzinalo linagwira ngati moto wa m'udzu. Ana opita kusukulu ankakuwa ali pamsewu: "Make Chibotolo, mwana wagona?" Azimayi ena ankafunsa ngati ubatizo uli pafupi. Ndikuuzani zoona, ife anthu a m'mudzi muno tili ndi nkhanza zoseketsa, ndipo timadziwa pobaya. Kwa mkazi amene anadikira mwana moyo wake wonse, panalibe mawu opweteka kuposa amenewo.

Wadiha ankangogwedeza. Manja anatupa, phulusa linamung'amba zala, mapewa anauma moti kupesa tsitsi kunali ntchito. Nkhoko inkachoka timakoko ting'onoting'ono tosaoneka bwino, toyandama m'madzi. Tsiku lonse la kugwedeza linkayeretsa malo osakwana chikhatho. Uku mphesa zinkapsa, mbalame zitayamba kale kulawa, ndipo mitambo yoyamba ya mvula inkasuzumira kuseri kwa phiri. Mphesa sizidikira munthu.

Tsiku lina masana manja anangokana. Analigoneka botolo pamatiresi, iye n'kutsamira khoma, maso ali kudenga. Lamba wakuda uja anali atatsala pafupifupi theka.

"Agulitse," ananena yekha. "Agulitse basi. Ndatopa ine."

"Ukuyankhula ndi ndani?" Make Jirjis anali atalowa pachipata, manja ali m'chiuno.

"Ndaleka, amake Jirjis. Mwina anthu akunena zoona."

"Anthu ati? Aja a pasitolo, amene ntchito yawo n'kutenthetsa mipando? Tamvera, dzina lija ndinayambitsa si ine, koma ndinaseka nawo, sindikana. Ndiye poti ndiwe make, mwana akavuta satayidwa pamatiresi. Sendera uko."

"Msana wanu uja?"

"Msana wanga ndi wanga. Ine ndalera gulu la ana, onse amitu ikuluikulu ngati bambo awo. Kugwedeza usandiphunzitse. Gwira kukhosiko, ine ndigwire kumatakoku."

Anakhala moyang'anizana, botolo lili pakati, wina kukankha wina kulandira. Mayiwo ankatukwana botolo, ankatukwana malemu Melhem posiya vinyo theka, ankatukwana mwamuna wa ku Brazil ndi mtundu wake wonse. Nthawi ina galasi lonyowa linaterereka, n'kugubuduka kupita kumphepete kwa khonde, kumene kuli masitepe amiyala. Wadiha anadziponya chafufumimba n'kuligwira pakhosi litatsala pang'ono. Anakhala chigonere, khosi la botolo lili m'manja.

"Waona?" anatero make Jirjis. "Manja osasitsa aja ndi amenewo? Dzuka, tipitirize."

Anabwera mawa lake, ndi mkuja wake, akudandaula ulendo uliwonse kuti akutaya nthawi yake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lamba uja anaduka pakati, n'kusanduka zigamba, zigamba n'kusanduka timadontho. M'mawa wina Wadiha anatsukuluza, n'kulipendeka botolo padzuwa, n'kulizungulitsa pang'onopang'ono. Kuwala kunadutsa mbali zonse, n'kugwera pakhoma kobiriwira.

Sanakhulupirire maso okha. Analiumitsa, n'kulitseka, n'kulisiya masiku angapo monga kale. Tsiku lotsegula, make Jirjis anaima pambali. Wadiha anachotsa chotsekera, n'kuika mphuno pakamwa pa botolo, n'kukoka mpweya nthawi yaitali.

"Kukununkha chiyani?"

"Palibe."

"Nanga ukuliriranji, chitsiru iwe?"

Anadula bango kumtsinje n'kulukira botololo chovala chatsopano. Sanali mmisiri. Chinatuluka chokhota, mbali ina yothina, ina yolendewera, koma chinagwira. Anathyola mphesa mvula isanagwe, anaziponda ndi mapazi ake, zinawira m'mbiya, anasefa, n'kuthira m'botolo lake limodzi lija mpaka m'khosi. Mphesa zotsala anaziphika mpaka kusanduka uchi, zina n'kuyanika. Kenako panalibenso chochita koma kudikira, ndipo kudikira ndiyo ntchito imene Wadiha ankaidziwa kuposa aliyense m'mudzi muno.

Khirisimasi inafika. Nasif anakwera ndi banja lake, ndipo kumbuyo kwa galimoto yake kunali ina yonyezimira. Bwana womanga nyumba uja anali ataitanidwa kudzadya nawo, kuti akatha kudya akayendere malire a munda. Nasif sanayembekezere kanthu kwa vinyo wa chaka chino. Anaima kaye pasitolo kugula fodya, ndipo kumeneko azibambo aja anamuuza zonse, ndi dzina lomwe.

Sanakhale n'komwe patebulo. Anatsikira m'chipinda chapansi, Wadiha akumutsatira ndi tambula m'manja. Anayang'ana pakona pamene pankakhala zibotolo ziwiri.

"Chinacho chili kuti?"

"Ndinaswa, achimwene. Ndi madzi owira."

"Nanga bango la bambo?"

"Ndinadula."

"Unadula." Mawu ake anatsika, ndipo Nasif akatsitsa mawu ndiye kuti zafika poipa. "Chinthu chimodzi ndinakupempha, Wadiha. Chimodzi. Wasandutsa nyumba ya bambo choseketsa cha mudzi wonse, wawononga chimene anatisiyira, n'kuvekapo chisa cha khwangwala ichi. Ukufuna ndikuuze chiyani?"

Wadiha anatenga pashelefu chibenthu cha galasi chija, chimene anasunga chaka chonse, nkhoko yake ikadali pompo. Anamupatsa m'manja.

"Izi n'zimene zinali kuseri kwa bango la bambo. Kukalipa mukalipe, muli ndi chifukwa. Koma lawani kaye."

Anapendeka botolo, n'kudzaza tambula. Anaipereka kwa Nasif. Chaka chinonso anali asanalaweko. Mphuno inkamuuza kuti zili bwino, koma mtima unali utanamizidwa kokwanira moti sunkakhulupiriranso mphuno. Nyumba, munda, khonde lija, zonse zinali m'tambula imeneyo.

Nasif anayang'ana chibenthu, anayang'ana tambula. Anamwa pang'ono. Sanalavule. Anameza, dzanja lili pakhosi. Kenako anakhala pansi pa sitepe yafumbi ndi suti yake ya Khirisimasi.

"Wakanda," anatero. Anadikira kanthawi. "Wanyambita."

Anatambasula tambula osayang'ana mlongo wake kumaso.

"Thiranso. Ndipo udzithirire nawe."

Anamwa awiriwo m'chipinda chozizira chija mpaka Odette anakuwa kumtunda kuti chakudya chikuzizira. Nasif anaimirira, anasasa fumbi, anatenga jagi yodzaza n'kukwera nayo yekha. Wadiha anatsala pansipo akutseka botolo, ndipo anamva zonse zimene zinanenedwa kumtunda.

"Bwana, pepani, mwavutika ulendo. Idyani, imwani, koma kumunda sitipita. Malo ano ali ndi mwini wake."

"Mwini wake? Ndimayesa ndinu. Ndani ameneyo?"

"Make Chibotolo," anatero Nasif. "Ndi amene wapanga vinyo mukumwayu."

Nasif sanaseke. Panalibe amene anaseka, ngakhale ana. Wadiha anaima pamasitepe, chotsekera chili m'manja. Aka kanali koyamba m'moyo wake wonse kuti munthu amutchule kuti make, mwaulemu, pamaso pa alendo.

Sanalemere, musamve molakwa. Mapewa ake sanachire mpaka lero, ndipo kukazizira amavutika kukweza mkono. Koma nyumba ija akukhalamo, munda uja akulima. Anthu atamva, anayamba kufukula zibotolo zakale zimene anataya m'makola ndi m'madenga poganiza kuti zinalodzedwa, n'kumabwera nazo. Iye amazivula, amazitsuka, amaziveka, ndipo kuluka kwake kwawongoka. Chipinda chapansi chija tsopano chili ndi mzere wa zibotolo kuchokera kukhoma kufika kukhoma, ndipo ukwati wa m'mudzi muno sukoma popanda vinyo wake. Aja a pasitolo akamufuna amagogoda pachipata, zipewa zili m'manja: "Odi, amake Chibotolo alipo?" Amayankha yekha kuti alipo.

Tsono inu amene munauzidwa kuti manja anu ndi atsoka, ndipo mwatsala pang'ono kuvomera, musavomere msanga. Mwina chimene chikusasitsa ntchito yanu si inu. Mwina ndi nkhoko yakale imene simunaike ndinu, yobisika kuseri kwa chinthu chimene mumachikonda ndipo mukuopa kuchikhudza. Kuidula bango kumapweteka, kugwedeza kumatopetsa, ndipo odutsa pamsewu adzakupatsani dzina. Alekeni apereke. Wadiha nayenso ananena kuti ndatopa, ananena kangapo, koma m'mawa mwake ankakhalanso pamatiresi paja n'kulikumbatira botolo lake.

Topani, pumani, lirani ngati misozi yabwera. Koma mtima wokha osataya.